Asilikali a m'thupi achuluka koma malungo mulibe, ndiye akumenyana ndi ndani?

Mwana_wa_Ngabu
Moni nonse pa gulu. Ndithandizeni nzeru pa nkhani ya bambo anga. Chala chachikulu cha phazi lamanja chimawatupira mwadzidzidzi, nthawi zambiri usiku. Amagona bwinobwino, pakati pa usiku timangomva akubuula. Pamfundo pamatupa mpaka khungu kunyezimira, pamatentha, ndipo ngakhale nsalu yofunda ikangokhudza amakuwa. Pakatha sabata imodzi kapena masabata awiri pamaphwa pokha, kenako patapita miyezi zimabweranso. Ulendo uno tinakayezetsa magazi. Malungo mulibe, koma pa pepala analemba kuti maselo oyera afika 13,000 ndipo anatiuza kuti achuluka. Makapisozi a amoxicillin ogula pa golosale amwa kambirimbiri, osasintha. Ife tinaphunzira kuti maselo oyera ndi asilikali olimbana ndi tizilombo. Nanga ngati achuluka chonchi koma tizilombo sitikupezeka, akumenyana ndi ndani? Amalume akuti bambo anaponda mankhwala kudimba, tipite nawo akawateme mphini.

Kabaza_Nchalo
Pepani achimwene. Koma amalume anuwo musawatsutse msanga, zoponda zilipo. Mikangano ya malire a madimba kuno siithera pabwalo la mfumu pokha.

NaNgondo
Mphini pa phazi lotupa kale, ndi kutentha kwa Okutobala kunoku? Mukangowaonjezera chilonda pa vuto lomwe ali nalo.

WakuLabu
Achimwene a ku Ngabu, woti atchule matenda a bambo ndi dokotala amene wagwira phazilo, osati ife pa foni. Koma zomwe mwafotokozazo zikufanana kwambiri ndi gauti, mtundu wina wa nyamakazi, ndipo funso lanu yankho lake lilipo.

Maselo oyera amapangidwa mu mongo wa m'mafupa. Munthu wamkulu wabwinobwino amakhala nawo pakati pa 4,000 ndi 11,000 m'kadontho kochepetsetsa ka magazi kotchedwa microlitre. Sali a mtundu umodzi. Alipo ma neutrophil, amene amathamangira msanga pamalo pavuto, ndipo akafa ambiri ndi amene amapanga mafinya. Alipo ma lymphocyte, ma CD4 aja ali m'gulu limeneli. Alipo ma monocyte, amene akachoka m'magazi n'kulowa m'minofu amasanduka ma macrophage, ntchito yawo kumeza zinyalala. Kenako ma eosinophil ndi ma basophil, omwe ndi ochepa.

Tsono asilikaliwa sadikira kuona kachilombo. Chimene chimawadzutsa ndi chizindikiro choti penapake pavuta, kaya chabwera ndi kachilombo kaya ndi china. Pa gauti chimayambitsa ndi uric acid. Thupi likamaphwanya maselo akale ndi zakudya zina limatulutsa uric acid, impso n'kumutaya mu mkodzo. Akachuluka m'magazi amaundana n'kukhala timiyala tosongoka m'mfundo, ndipo amakonda chala chachikulu cha kuphazi. Ma macrophage akakumana ndi timiyalato amatimeza, n'kutulutsa mankhwala oitanira anzawo, odziwika kwambiri ndi interleukin-1. Mitsempha ya magazi imatakasuka, madzi amatulukira m'minofu, ndiye kutupa ndi kutentha mukuonako. Ma neutrophil amakhamukira pamfundopo n'kuthira mankhwala awo ophera mabakiteriya, koma mwala sufa, chimene chimapsa ndi mnofu wa mwiniwake. Zili ngati anyamata otentha tchire posaka mbewa, moto n'kukalowa m'munda wa kwawo komwe.

Amoxicillin amapha mabakiteriya. Ngati ndi gauti, pa chalapo palibe woti aphedwe, n'chifukwa chake simukuona kusintha.

Chitowe_Tengani
Ndiye pepala likati maselo oyera achuluka sizitanthauza infekishoni? Ine ndimadziwa choncho kuyambira kale.

WakuLabu
Nthawi zambiri zimatanthauza choncho, koma osati nthawi zonse. Amakweranso munthu akapsa ndi moto, akavulala, mayi akakhala woyembekezera, wosuta fodya, ngakhale amene akumwa prednisolone. Pepala limangonena kuti achuluka, silinena chimene chawadzutsa.

NamwinoWopuma
Mwana wanga wa ku Ngabu, zomwe anena a WakuLabu n'zoona, koma ndionjezepo ziwiri.

Choyamba, mfundo yotupa ndi yotentha ikabwera pamodzi ndi kutentha thupi ndi kunjenjemera, musadikire kuti muone ngati ndi gauti. Mabakiteriya amatha kulowadi m'mfundo, ndipo amaiwononga m'masiku ochepa. Pamenepo maantibayotiki amafunika msanga, akuchipatala osati a pa golosale. Chosiyanitsa chenicheni ndi kupopa madzi a m'mfundomo n'kuwayeza.

Chachiwiri, kodi bambo amamwa mankhwala a BP? Pali ena otchedwa hydrochlorothiazide, ambiri amangoti HCTZ, amene amaperekedwa kwambiri kuno kwathu. Amathandiza BP koma amakweza uric acid. Chimodzimodzi pyrazinamide, mmodzi mwa mankhwala a TB. Sindikunena kuti asiye kumwa, ayi ndithu, BP yosiyira mankhwala imabweretsa sitiroko. Ndikuti mukawauze adokotala aone ngati angawasinthire.

Mwana_wa_Ngabu
Amayi mwalasa. Amamwadi kapiritsi kakang'ono m'mawa uliwonse. Ndaona m'buku lawo lakuchipatala, palembedwa HCTZ. Thupi silikutentha, ndi chala chokha.

Mlimi_wa_Thonje
Gauti ndi matenda a nyama ndi mowa basi. Ku Ngabu ng'ombe mbwee, n'chifukwa chake.

WaKanyenya_Dyeratu
Aaa bambo, chilichonse muzingoloza nyama? Ndi angati kuno amadya nyama tsiku ndi tsiku? Mbuzi mmene yakwerera mtengomu anthu akugula tizidutswa tongolawa. Ife tomwe ootcha tikuvutika kupeza mbuzi yabwino pamsika, ogula a ku Blantyre akutsika ndi magalimoto n'kutenga zonse.

Mlimi_wa_Thonje
Akutenga chifukwa amapereka ndalama pompo. Mlimi wagulitsa thonje mochedwa, ana akufuna fizi, adikire inu?

Kabaza_Nchalo
Pamenepo ndili mbali ya a Thonje. Mbuzi ndi banki ya munthu wakumudzi.

NamwinoWopuma
Tibwerere kwa odwala. Nonse muli ndi mbali yoona. Chiwindi, impso ndi zam'kati zina, nyama yofiira, mowa makamaka wamasese ndi wam'mabotolo, kachasu, ndi zakumwa zotsekemera kwambiri zimakweza uric acid. Koma ambiri odwala gauti vuto lawo lalikulu ndi loti impso sizitaya uric acid mokwanira, ndipo izi zimayenda m'banja. N'chifukwa chake wina amadya kanyenya zaka zambiri osadwala, mnzake n'kudwala asakudya n'komwe. Kuno kuchigwa tionjeze kutentha. Munthu wakhala kudimba dzuwa la madigiri 40 likumuthera pamsana, thukuta kamukamu, madzi wamwa pang'ono, madzulo n'kudutsa pa mowa. Usiku umenewo chala chikhoza kudzuka.

Mankhwala ake ali pawiri. Pali oziziritsa asilikali pa nthawi ya ululu, monga colchicine amene amalepheretsa ma neutrophil kuyenda kupita pamfundo, kapena ibuprofen, kapena prednisolone wa masiku ochepa. Ndiye pali allopurinol wotsitsa uric acid, womwa tsiku ndi tsiku ngakhale chala chili bwino. Ambiri amamusiya chifukwa miyezi yoyambirira gauti imatha kudzukabe, n'kumaganiza kuti sakugwira ntchito.

Moyo_Ulipo
Ine mwandisokoneza. Ndili pa ma ARV zaka zambiri, ndipo chiyambire timauzidwa kuti asilikali akachuluka ndiye moyo. CD4 ikakwera timasangalala. Lero mukuti asilikali omwewo amadwalitsa?

WakuLabu
Pitirizani kusangalala achemwali, CD4 yokwera ndi nkhani yabwino. Popanda maselo oyera munthu sakhala moyo. Nkhani ili pa komwe alunjika ndiponso ngati akudziwa kusiya ntchito ikatha. Mwina munaonapo munthu woyamba ma ARV CD4 ili pansi kwambiri, patapita masabata angapo n'kutupa anabere m'khosi kapena kutentha thupi, achibale n'kumati mankhwala amukana. Nthawi zambiri si kumukana. Asilikali adzuka n'kupeza TB kapena matenda ena amene anabisala, n'kumenya nkhondo mopitirira muyeso. Achipatala amati IRIS, ndipo n'chifukwa chake amayeza TB munthu asanayambe ma ARV.

Moyo_Ulipo
Zimenezo ndinazionadi kwa mnzanga wa m'gulu lathu. Anatsala pang'ono kusiya mankhwala, anamulimbitsa mtima ndi anamwino.

Zachilengedwe_Original
Abale, matenda onse mukutchulawa yankho ndi kukweza chitetezo cha m'thupi. Ndili ndi mankhwala achilengedwe otsuka magazi, amathandiza nyamakazi, mphumu, shuga, gauti. Ndipezeni ku inbox.

Admini
Malonda pa gulu lino ayi. Chenjezo loyamba.

NaNgondo
Ndiponso simunawerenge zomwe zalembedwa pamwambapa. Anthu akufotokoza kuti asilikali akumenya mwiniwake, inu mukuti tiwaonjezere mphamvu?

Zachilengedwe_Original
Makolo athu ankachira ndi zitsamba zipatala kulibe.

NamwinoWopuma
Zitsamba sitikuzinyoza bambo. Colchicine yemwe ndatchula uja amachokera ku chomera. Kusiyana kwake n'koti mlingo wake unayezedwa, ndipo tikudziwa kuti ukapitirira amatsegula m'mimba ngakhale kupha. Botolo lopanda dzina la zimene zilimo, lochiza matenda onse, ine sindingampatse m'bale wanga.

Mphunzitsi_Muona
Nkhani iyi yandikumbutsa mbiri ya sayansi. Amene anazindikira kuti pali maselo omeza zinthu zachilendo m'thupi anali Élie Metchnikoff wa ku Russia, mu 1882 ali ku Messina m'dziko la Italy. Anabaya minga m'thupi la kamwana ka starfish, kanyama ka m'nyanja koonekera mkati, ndipo m'mawa mwake anapeza maselo atazungulira mingayo. Taonani, sanaikemo kachilombo, anaika minga. Kuyambira pachiyambi penipeni zinaoneka kuti maselowa amathamangira chilichonse chosayenera kukhala m'thupi. Analandira mphoto ya Nobel mu 1908 pamodzi ndi Paul Ehrlich.

MayiWaMapasa_Bangula
Poti nkhani yafika pamenepa ndifunse nanenso. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 9 ali ndi mphumu. Nyengo yotentha nzimbe ndi ya fumbi ino usiku sagona, chifuwa chimalira mluzu, amakhala tsonga atagwira m'mphepete mwa bedi, mapewa akukwera ndi kutsika. Atamuyeza magazi anati ma eosinophil ndi okwera. Tili ndi inhaler yabuluu, imathandiza pompo koma mawa lake zomwezo. Anatipatsanso yabulauni koma ndinaona kuti akapopera palibe chimene chimasintha, ndiye timangogwiritsa yabuluu.

NamwinoWopuma
Mayi, yabulauniyo itengeni lero lomwe. Mphumu ndi chitsanzo china cha zomwe tikukambazi. Fumbi, utsi wa nkhuni kapena wa nzimbe, ubweya wa mphaka, mphemvu, si tizilombo toyambitsa matenda, koma m'njira za mpweya za mwana wa mphumu maselo otchedwa mast cell ndi ma eosinophil amazitenga ngati adani. Khoma la njirazo limatupa mkati, makhololo amachuluka, timinofu tozungulira timafinya. Yabuluu, salbutamol, imangomasula timinofuto kwa maola ochepa, kutupa kuli pomwepo. Yabulauni, beclomethasone, ndi imene imaziziritsa maselowo, koma imagwira pang'onopang'ono, imafuna tsiku ndi tsiku kwa masabata ngakhale mwana akuoneka bwino. Akatha kupopera azichukucha m'kamwa ndi madzi. Ndipo mukamaphika asamakhale m'khitchini mwa utsi.

Msodzi_wa_Makakana
Mwanayo amasamba mu Shire kapena m'zithaphwi? Wanga anamupezanso ma eosinophil okwera, mapeto ake anali likodzo.

WakuLabu
A Msodzi mwanena mfundo yaikulu. M'mabuku olembedwa ku Ulaya ma eosinophil akakwera amayamba kuganiza za mphumu ndi ziwengo. Kuno ku Chikwawa ndi Nsanje tiyambe taganiza za likodzo ndi njoka zam'mimba, poti ntchito yeniyeni ya ma eosinophil ndi kulimbana ndi nyongolotsi. Mwana akhoza kukhala ndi zonse ziwiri. Mayi, kayezetseni mkodzo ndi chimbudzi, praziquantel wa likodzo ndi albendazole wa njoka zam'mimba sizivuta kupeza.

Ndipo likodzo lenilenilo, chimene chimawononga chikhodzodzo ndi chiwindi si nyongolotsi kwenikweni koma mazira ake otsakamira m'minofu. Maselo oyera amawazinga, pamakhala zipsera, zaka zikamapita chiwalo chimalimba.

Ndinenenso mbali inayo, poti ena amaopsezedwa nayo. Anthu ambiri a kuno ku Africa mwachibadwa amakhala ndi ma neutrophil ochepa poyerekeza ndi azungu, ali bwinobwino osadwala. Pepala likaonetsa kuti atsika pang'ono musathamangire kugula zokwezera chitetezo, funsani kaye.

MayiWaMapasa_Bangula
Amasambadi ndi anzake kumadzi, ndingamuletse bwanji ndi dzuwa ili. Ndipita naye. Yabulauni ndaipeza, inali m'chikwama.

Kabaza_Nchalo
Ndiye mwati makapisozi tiwataye? Ife pakhosi pakangopweteka timamwa awiri, mawa tili pa njinga.

NamwinoWopuma
Sitinatero mwana wanga. Kumwa awiri n'kusiyako ndiye koipa, mabakiteriya amazolowera mankhwala. Ndipo pakhosi mwatchulapo pali nkhani yake. Mwana wa zaka zapakati pa 5 ndi 15 akadwala zilonda zapakhosi za mabakiteriya otchedwa streptococcus osalandira penicillin mokwanira, patapita masabata awiri kapena atatu chitetezo chake chimatha kusokonezeka n'kuyamba kumenya mfundo ndi mavalavu a mtima. Kachilombo kapita kale, nkhondo ikupitirira. Ana otere amabayitsa benzathine penicillin mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri kuti zisabwerere. Apa maantibayotiki a pa nthawi yake amateteza mtima. Pa gauti ndi mphumu alibe ntchito. Wosiyanitsa ndi amene wayeza.

Kabaza_Nchalo
Za mtimazo sindimadziwa. Koma zoponda ndikanenabe kuti zilipo.

Mwana_wa_Ngabu
Amalume ndawawerengera zonsezi, akuti tiyambe kuchipatala, mphini aziona pambuyo. Kwa ine zakwana. Zikomo nonse, makamaka amayi anamwino.

NaChisale_Makhanga
Ndakhala ndikungowerenga, tsopano ndilimbe mtima. Ndili ndi zaka 34. Manja onse awiri amandiuma m'mawa, zala zotupa pakatikati ndi m'mikono momwe. Kumanga chitenje ndimachita kuitana mwana, mpini wa khasu sindingaugwire mpaka dzuwa litakwera. Apongozi amati ndi ulesi, poti masana ndimaoneka bwino. Ena amati nyamakazi ndi ya agogo. Pamsika ndimagula Indocid ndi timapiritsi toyera ta prednisolone, ndikamwa ndimapepukidwa, koma nkhope yayamba kufufuma ndipo pamtima pamandiotcha. Kodi izinso ndi za asilikali zomwezi?

NaNgondo
Pepani achemwali. Si ulesi umenewo, musalole mawu amenewo akukhaleni mumtima.

WakuLabu
Achemwali, kuuma kwa m'mawa kopitirira theka la ola, mfundo zing'onozing'ono za manja onse awiri mofanana, mwa mayi wa msinkhu wanu, dokotala aliyense aganizira nyamakazi ya rheumatoid. Ndi yosiyana ndi ya agogo ija yobwera chifukwa mfundo zaperepeseka ndi ukalamba, imene imapweteka kwambiri munthu akagwira ntchito. Iyi imagwira amayi kuwirikiza kawiri kapena katatu kuposa abambo. Ma lymphocyte amalakwitsa n'kutenga kachikopa kokuta mkati mwa mfundo ngati mdani, amaitana ma macrophage, awa n'kumatulutsa mankhwala monga TNF. Kachikopako kamakhuthala n'kuyamba kudya chichereŵechereŵe ndi fupa. Apa palibe timiyala ngati pa gauti, palibe fumbi ngati pa mphumu, thupi likungodzimenya lokha. Palinso ina yofanana nayo yotchedwa lupus, imene mwa odwala 10 aliwonse pafupifupi 9 ndi amayi, ndipo imeneyo maselo oyera pa pepala nthawi zambiri amaoneka otsika osati okwera. N'chifukwa chake pamafunika kuyeza bwino.

NamwinoWopuma
Mwana wanga, ndikulankhula ngati mayi ako. Prednisolone ndi mankhwala amphamvu. Pamene dokotala Philip Hench anapereka cortisone, mankhwala a gulu limodzi ndi prednisolone, koyamba kwa wodwala nyamakazi imeneyi ku America mu 1948, munthu wosatha kudzuka pabedi anayenda m'masiku ochepa, ndipo mu 1950 Hench analandira nazo Nobel. Koma sipanatenge nthawi kuti aone mtengo wake: nkhope kufufuma, shuga, BP, mafupa kufooka, ndi chitetezo kutsika mpaka TB kupeza mpata. Kufufuma ukukuonako ndi chizindikiro chimenecho. Indocid nayenso amakumba zilonda zam'mimba ndi kuwononga impso, ndipo awiriwa akaphatikizana ngozi ya kutaya magazi m'mimba imakula. Chimbudzi chikada bii, thamanga kuchipatala tsiku lomwelo.

Koma usasiye prednisolone mwadzidzidzi ngati wamwa nthawi yaitali. Thupi limakhala litasiya kupanga lake, ndiye amatsitsa pang'onopang'ono ndi adokotala.

Mankhwala oletsa mfundo kuwonongeka alipo. Odalirika kwambiri ndi methotrexate, amamwa kamodzi pa sabata, ndibwereze, pa sabata osati pa tsiku, pamodzi ndi folic acid, ndipo amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi kuti aone chiwindi ndi maselo oyera omwewo asatsike kwambiri. Amatenga masabata angapo kuti uyambe kumva kusintha. Zala zikapindika kale sizibwerera, ndiye nthawi yopita ndi ino zisanapindike.

Msodzi_wa_Makakana
Ndipo muwoloke mvula isanayambe mayi. Madzi akadzaza pa Mtayamoyo ngati nthawi ya Freddy mu 2023, East Bank kutuluka kumavuta.

NaChisale_Makhanga
Zikomo amayi, misozi yatsika powerenga. Ndifunse chimodzi. Ine ndi bambo a kunyumba tikufuna mwana wina. Mankhwala a pa sabatawo ndingamwe?

NamwinoWopuma
Ayi, methotrexate ndi mimba siziyendera limodzi, amawononga mwana m'mimba, ndipo amafuna kusiya miyezi ingapo usanaime. Zimenezi ukanene poyambirira penipeni ukakumana ndi adokotala, usachite manyazi. Alipo ena monga hydroxychloroquine ndi sulfasalazine amene amaperekedwa ngakhale kwa woyembekezera. Uyambire pa chipatala chapafupi, utenge mapaketi a zonse umamwa akaone, ndipo upemphe kalata yokutumiza ku chipatala cha boma, iwo akaona kufunika akutumiza ku Queens ku Blantyre. Ngati n'kotheka upite ndi bambo a kunyumba akamve okha kuchokera kwa adokotala.

NaChisale_Makhanga
Ndiwauza madzulo ano akabwera kudimba. Kodi kukayezetsako ndipite osadya?

WakuLabu
Idyani ndithu achemwali, kuyeza kwa maselo a magazi sikufuna kusala. Mukafike m'mawa zala zikadali zouma kuti adokotala akazione mmene zimakhalira.